Atchete Opanda Kansengwa Pakhomo

Magetsi athima, chigayo chaima, ndiye mungokhala ndwii ngati mwabwera pamaliro? Tulani matumbawo mukhalire. Inu a Gelesomu, lekani kuyang'ana waya, sayaka ndi maso ameneyo. Ndikusimbirani nthano, koma ndineneretu, si yoseketsa. Wofuna kuseka apite kubawo.

Padangokhala!

Tili tonse!

Mwavomera ngati anthu anjala, koma chabwino.

Kalekale, nyama zikuyankhula ngati ine ndi inu, panali mtengo wa mthethe wopendamira padziwe. Mumtengomo munkakhala atchete, mbalame zachikasu zoluka zisa zolendewera zija. Nthambi iliyonse inali ya banja limodzi. Mwana wamkazi akakula ankaluka chisa chake pafupi ndi cha make, monga timachitira kwathu kuno. Pathunthu pa mtengowo panali mavu, ndipo mavuwo ndiwo anali alonda. Mkulu wawo dzina lake Kaning'a. Pansi m'dziwe munali Mlamba, wandevu zake, wosafulumira pa chilichonse.

Tsono luso la atchete silinali lochita kuphunzira ayi. Linkalowa mwana akadali m'dzira. Mayi akamafungatira ankaimbira mazira ake nyimbo ya mizere itatu. Chimene dzira lamva n'chimene mwanayo adzachite moyo wake wonse, n'kudzaimbiranso mazira ake. Chimene dzira silinamve, ngakhale umukalipire, ngakhale umunyengerere, sichilowa. Nyimboyo inkati:

Luka, tchete, luka nyumba ya udzu.
Ikira awiri, tchete, ukakhuta uleke.
Pachika kansengwa, tchete, za m'nyumba zioneke.

Kansengwa kameneka mukamvetse, chifukwa nkhani yagona pamenepa. Tchete aliyense ankaluka kansengwa kakang'ono n'kukapachika pakhomo pa chisa chake. Chilichonse chimene chadyedwa m'nyumbamo, nyenyeswa yake inkaikidwa mmenemo. Ngakhale wolakwa ankaika, poti nyimbo ndiyo inkamuikitsa.

Mwambowu unayamba chonchi. Kale mavu ankaluma mongoganizira. Akakayikira nyumba, ankalowa n'kuluma onse, mpaka anapha atchete ambiri osalakwa. Ndiye atchete ndi mavu anapangana kuti: mavu asalowenso m'nyumba, aziyang'ana kansengwa basi. Akapeza njere za udzu ndi mapiko a ziwala, azipitirira. Akapeza khungwa la mthethe, aziluma, chifukwa wodya khungwa akudya mtengo umene wanyamula onse. Ndipo mavu pa pangano simungawathe. Si aja anapangana kuning'a pakati, mpaka lero sanasinthe?

Panthambi yam'munsi, yaitali, yofika pakati penipeni pa dziwe, pankakhala tchete wina dzina lake Nachanza. Iye anaikira mazira awiri nayamba kufungatira. Tsiku lina masana kunagwa chimvula. Nachanza anali kuimba, ndipo atafika pa mzere wachiwiri, bingu linagunda, gugugu! Mtengo wonse unanjenjemera. Iye anaimba bwinobwino, ndikukuuzani, sanaphonye liwu. Koma dzira limodzi linagontha ndi bingulo, mzere wachiwiri silinaumve. Dzira linalo linamva nyimbo yonse, koma linagubuduka n'kugunda khoma la chisa.

Mazira anaswa, onse ana aakazi. Wa dzira logontha uja anali wamphamvu, wokongola, wosamva kukhuta. Anamutcha Msakhuta. Wa dzira logubuduka uja phiko lake lamanzere linali lopinimbira. Anamutcha Kaphiko. Kaphiko sanaulukepo. Moyo wake wonse unali m'chisa cha make, kunsonga kwa nthambi ija, madzi ali pansi. Nthambi ikakhala, Kaphiko akhala. Nthambi ikagwa, Kaphiko agwa. Koma kuluka, ha! Tinsengwa ta Kaphiko anthu a nthambi zina ankabwera kudzangotiona.

Msakhuta anakula naluka chisa pafupi ndi make. Anaikira awiri. Anaikira ena awiri. Anaikira enanso.

"Mwanawe," anatero Nachanza, "awiri basi. Ukakhuta uleke."

"Amayi, kuleka n'kutani? Ine m'mimba mwanga mawu amenewo mulibe."

Ana a Msakhuta nawonso mawu amenewo analibe, poti mayi wawo akanawaimbira bwanji chimene iye sanamve? Anaswana, naswana, naswana. Njere za udzu zinatha. Ziwala zinatha. Tsiku lina Msakhuta anajompha khungwa la nthambi, napeza utomoni wotsekemera. Anaitana ana ake. Onse anadya, ndipo onse anaika nyenyeswa za khungwa m'tinsengwa tawo.

Mmawa mwake Kaning'a anafika ndi gulu lake.

"Odi pakhomo! Tione kansengwa."

Pa Nachanza, njere za udzu. Anapitirira.

"Odi pakhomo! Tione kansengwa."

Pa Msakhuta, khungwa. Mavu anaimika mbola.

Nachanza anagwada panthambi. "A Kaning'a, chonde, ameneyo ndi mwana wanga. Sanachite dala. Linali bingu."

"Mayi, ife sitiyang'ana nkhope. Timayang'ana kansengwa."

Analuma Msakhuta. Analuma ana ake onse amene anali ndi khungwa pakhomo. Mitembo inagwera m'dziwe, chubwi, chubwi, chubwi. Mlamba anatulutsa ndevu nati, "Zikomo kumwambako."

Nachanza analira masiku atatu osalawa kanthu. Kaphiko anamufunditsa ndi phiko lake labwino lija nati, "Amayi, tontholani. Achemwali apita, koma nthambi yapulumuka." Ndipo Nachanza, pakati pa misozi, anavomera kuti alonda agwira ntchito yawo.

Koma panatsala tianapiye ta Msakhuta timene tinali tisanalawe khungwa. Pakhomo pawo panalibe mlandu, mavu anatisiya.

Tsono taganizani. Mayi wa mazira awiri amaimba mofatsa. Nanga wa mazira makumi awiri? Msakhuta ankaimba akuthamanga, pakamwa pali chakudya, apa liwu lamezedwa, apo liwu lagwa. Ndiye adzukuluwa ena mzere wachitatu anangoumva theka. Anamva "pachika kansengwa", koma "za m'nyumba zioneke" sanamve. Atakula analuka tinsengwa ndithu, koma topanda pansi, tangokhala mkombero. Ukaika nyenyeswa, imapyola.

Anaswana, naswana, naswana. Anayambanso khungwa.

Tsiku lina Nachanza anatsikira kudziwe kukamwa madzi. Mlamba anayandama pafupi.

"Mayi a kumwamba, mwayamba kupala nkhuni kodi?"

"Nkhuni zanji?"

"Makungwa akundigwera pamutu kuyambira mmawa mpaka dzuwa kupendeka. Ine sindidandaula. Ine sindithamangira kanthu. Zonse za kumwamba zimabwera zokha."

Nachanza anauluka mpaka kuthunthu.

"A Kaning'a, tiyeni mukaone. Adzukulu anga akudya mtengo."

Mayi kukaneneza adzukulu ake! Mukuganiza kuti n'chapafupi? Koma ankaona Kaphiko ali kunsonga kuja.

Kaning'a anabwera. "Odi pakhomo! Tione kansengwa." Anasuzumira, naona madzi a dziwe pansi. Mulibe kanthu. Anapitirira. "Odi pakhomo!" Mulibe kanthu. Anapitirira. Pamakomo ena kanyenyeswa kanali katakodwa m'mphepete mwa mkombero, ndipo amenewo analumidwa. Chubwi, chubwi. Mlamba anati, "Zikomonso."

"Nanga enawa?" anafunsa Nachanza.

"Taweruza zimene taona, mayi. Kansengwa kopanda kanthu si mlandu."

Mavu anabwera tsiku ndi tsiku, osatopa, osagona pantchito. Aliyense amene kanyenyeswa kanamukodwera analumidwa. Nthambi inapepuka. Nachanza anapuma nati mwina zatha.

Koma mwa adzukulu aja munali mmodzi dzina lake Sadziwa. Dzira lake linali pansi penipeni pa mulu wa mazira, ndipo mzere wachitatu silinaumve n'komwe. Sadziwa analuka chisa chosalala, chopanda kansengwa, chopanda ngakhale kachingwe kopachikira. Mavu akamadutsa pakhomo pake sankaodira n'komwe. Tsono onani tsoka lake. Mavu aja poluma onse ooneka, anamulimira munda Sadziwa. Abale ake opikisana naye chakudya anatha. Malo anatsala mbee. Khungwa lonse linakhala lake.

Anaikira. Ana ake anaikira. Adzukulu ake anaikira. Onse nyimbo yawo inali ya mzere umodzi: luka nyumba, luka nyumba, luka nyumba. Zisa zinalendewera kuyambira patsinde pa nthambi mpaka pafupi ndi kwa Nachanza, zothithikana ngati nthochi pamkoko. Khungwa linasendeka kuzungulira. Masamba anachita chikasu, nayoyoka. Mphepo ikangowomba pang'ono, nthambi inkalira, kwee, kwee.

"Amayi," anatero Kaphiko, "nthambi ikulira. Ndikuimva m'mapazimu."

Nachanza anapita kwa Sadziwa.

"Mdzukulu wanga, kansengwa kako kali kuti?"

"Kansengwa n'chiyani, agogo?"

"Kamene timapachika pakhomo, kuti alonda aone za m'nyumba."

"Ine sindikubisa kanthu, agogo. Lowani muone. Tikudya khungwa, ndi ili. Tili ndi njala basi."

Ndipo ankanena zoona, n'chimene chimandipweteka ine. Akanakhala wakuba, bwenzi tikumutukwana mtima n'kukhala pansi. Koma ameneyu analibe chiwembu. Anangobadwa ndi nyimbo yoduka.

Nachanza anamuimbira nyimbo yonse, kamodzi, kawiri, katatu. Sadziwa anamvetsera mwaulemu nati, "Ndi yokoma, agogo," n'kutembenuka kujompha khungwa.

Nachanza anaulukira kuthunthu.

"A Kaning'a, nthambi ikuthyoka. Bwerani ndi gulu lonse."

Kaning'a anabwera. Anauluka kuyambira patsinde mpaka kunsonga, naima pakhomo pa Nachanza. "Odi pakhomo! Tione kansengwa." Njere za udzu, zoikidwa bwino m'kansengwa ka Kaphiko.

"Panthambi pano pali nyumba imodzi, mayi, ndipo ndi yaukhondo."

"Imodzi? Nanga zonsezi mwadutsazi?"

"Ife khomo timalidziwira kansengwa. Zinazi kwa ife ndi udzu wongokodwa."

"Kodi maso anu ndi a chiyani? Simukumva nthambi ikulira?"

Kaning'a anati, "Ndikuimva, mayi. Musandiyese mwala. Koma ndikaluma lero chifukwa cha mawu anu, mawa anyamata angawa aluma chifukwa cha mawu a wina. Wina adzati, kunsonga kuja kuli wolumala wodya osagwira ntchito. Ndiye adzalowa m'nyumba mwanu. Pangano limene likundimanga ine lero ndi lomwe lasunga mwana wanu zaka zonsezi. Ndionetseni khungwa m'kansengwa, ndiluma."

Anauluka napita.

Nachanza anayesa kubereka Kaphiko kumsana. Anangotuluka pakhomo, onse awiri anapendama, natsala pang'ono kugwa. Anayesa kumuyendetsa panthambi kulowera kuthunthu, koma njira inali itatsekeka ndi zisa, ndipo pamene panalibe chisa panali poterera ndi utomoni. Anabwerera m'nyumba. Nachanza anabisa mutu m'phiko nalira mokweza.

Kaphiko anati, "Amayi, a Kaning'a ati tiwaonetse khungwa m'kansengwa. Ine kuuluka sinditha, koma kuluka ndimatha. Nditengereni udzu. Ine ndiziluka, inu muzikapachika pamakomo pawo, n'kuikamo khungwa limene akudyalo."

Tsiku loyamba Kaphiko analuka tinsengwa khumi. Nachanza anapachika, naikamo khungwa, naitana mavu. "Odi pakhomo!" Tsopano anaona. Analuma nyumba khumi. Nachanza, akulira adzukulu ake, anati, "Mwanawe, zikutheka!" Koma tsiku lomwelo m'zisa zina munaswa anapiye makumi atatu.

Tsiku lachiwiri Kaphiko analuka khumi ndi tiwiri. Mlomo wake unang'ambika ndi udzu, magazi akudontha. Mavu analuma khumi ndi ziwiri. Kunaswa makumi asanu.

Tsiku lachitatu kunadzuka mphepo ya mwera. Nthambi inkalira osalekeza. Kaphiko analuka, naluka, naluka. Dzuwa lili pamutu anapereka kansengwa kena kwa make nati, "Aka n'kokhotakhota, amayi, mundikhululukire. Mlomo ukuwawa. Pitani, mukandipeza ndamaliza kena."

Nachanza analuma kansengwako nauluka kulowera kutsinde kwa nthambi. Asanafike anamva kumbuyo, thyoo!

Nthambi inathyoka.

Ana a Sadziwa anali ndi mapiko abwinobwino. Anatuluka m'zisa zawo, pururu, ngati utsi, namwazikira kunthambi zam'mwamba, uyu uku, uyu uko, nayamba pomwepo kufuna poluka. Mwa onse okhoza kuyenda panthambi ija, mmodzi yekha ndiye sanauluke. Amene anali ndi nyimbo yonse m'mimba mwake.

Phava! Madzi anatseka. Panangotsala udzu ukuyandama.

Mlamba anatulutsa ndevu, nayang'ana Nachanza. Ulendo uno ngakhale iye sanati zikomo. Anangomira.

Nachanza anatera pachitsa cha nthambi, kansengwa kali kukamwa. Sanalire. Misozi inali itatha. Nthenga imodzi yaing'ono inali itakodwa m'kansengwamo, ya phiko lopinimbira lija.

Kaning'a anafika. Paja mwambo ndi mwambo. Anaona kansengwa, pakamwa pake panatuluka pokha, "Odi pakhomo. Tione..."

Nachanza anakatula patsogolo pake. "Onani, a Kaning'a. Za m'nyumba mwanga ndi zimenezo. Zonse."

Kaning'a anayang'ana nthengayo nthawi yaitali. Mbola yake inali yakuthwa ngati kale, gulu lake lonse lili kumbuyo kwake, lamphamvu, losatopa. Pamwamba pawo, nthambi iliyonse inali itayamba kumveka, jompho, jompho, jompho. Iye anakweza maso, sanaone khomo ngakhale limodzi loti n'kuodira.

Mvula isanabwerenso mthethe unauma. Unagwa nthambi imodziimodzi, olakwa ndi osalakwa pamodzi, mpaka thunthu lomwe. Ana a Sadziwa nawonso anatha, poti anali atadya nyumba yawo. Mavu anasowa pokhala. N'chifukwa chake mpaka lero mumawaona akuzungulira m'makonde mwathumu, kusuzumira khomo ili, kusuzumira khomo ilo. Akufunabe kansengwa.

Mwakhala chete bwanji? Ndinanenatu kuti si yoseketsa.

Phunziro lake ndi ili, ndipo sindizungulira. Mlonda amagwira chimene chaonetsedwa. Choopsa chenicheni si chimene chikuoneka pakhomo, koma chimene chasiya kuonetsa. Ndipo si tsoka lililonse lili ndi mwini wake woti timuloze chala.

Ine nthanoyi ndimaisimba chifukwa cha mchemwali wanga Elube, amene tinamuika chaka chatha. Khansa. Tinkati walodzedwa, tinadana ndi anthu osalakwa pamudzi. Namwino wina wachifundo ndiye anandikhazika pabenchi n'kundifotokozera. Anati thupi lathuli ndi tizigawo ting'onoting'ono tosawerengeka, maselo, ndipo selo iliyonse imaonetsa kunja kwake kachizindikiro ka zimene zikuchitika m'kati mwake, kuti asilikali a m'thupi aone. Malangizo opangira zimenezi selo imalandira kwa selo imene yaibereka. Nthawi zina malangizowo amaduka pokoperana. Selo imayamba kuswana osaleka, asilikali n'kupha zimene akuziona. Koma ina ikataya malangizo a kachizindikiro kaja, asilikali ambiri amaidutsa osaiona, iyo n'kumaswana, n'kufalikira kwina. Ndinamufunsa kuti, ndiye asilikali a Elube anali ofooka? Anati ayi, analipo, amangosowa poluma.

Kachotupa kake kanayamba ngati mtedza, kosapweteka. Ankati chosapweteka si matenda. Tinapita kuchipatala mochedwa, nthambi italira kale. Ndiye inu a Gelesomu, ndi inu amayi a mwana kumsanako, mukamva kanthu kachilendo m'thupi, musadikire kuti kaodire. Pitani kuchipatala akakuoneni pamene tinsengwa khumi tingakwanire.

Nthano yanga yagwera m'dziwe pompo. Mbatata yoti muphule pano palibe, inapserera kalekale. Imvani, chigayo chalira. Senzani matumba anu, ine ndikhala kaye pang'ono.